Su Shi wa ku China, Wophunzira wa Aphunzitsi Awiri

Su Shi anabadwa m'caka ca 1037 ku Meishan, m'cigawo ca Sichuan, ca kumadzulo kwa dziko la China. Masiku amenewo dzikolo linali m'manja mwa mafumu a banja la Song, ndipo likuru lao linali ku Kaifeng. Kufikira lero ana a sukulu a ku China amaloweza ndakatulo zace, ndipo ambiri amdziwa ndi dzina lina lakuti Su Dongpo, limene anadzicha yekha ali m'masautso. Koma ife tifuna kuyang'ana moyo wace pa cifukwa cina. Munthu ameneyu anamwa pa zitsime ziwiri za nzeru zimene ambiri aziyesa zotsutsana, ndizo ciphunzitso ca Confucius ndi ciphunzitso ca Tao, ndipo zomgwera m'moyo wace zinayesa zonse ziwirizo kolimba.

Tiyambe tazindikira ziphunzitsozo. Confucius anakhala ndi moyo kuyambira 551 kufikira 479 Kristu asanabadwe, ndipo anayendayenda ndi ophunzira ace kufunafuna mfumu yoti imvere uphungu wace. Mtima wace unali pa makhalidwe a munthu pakati pa anzace: mwana alemekeze atate ndi amai, mng'ono amvere mkuru, mfumu isamale anthu ace, ndi nduna inene zoona kwa mfumu cinkana zikhale zowawa. Kwa iye munthu wophunzira ali ndi mangawa kwa anthu onse, ndipo sayenera kubisala pamene dziko liri m'mabvuto. Otsata ace anasonkhanitsa mau ace m'buku limene Azungu alicha Analects.

Liu lakuti Tao litanthauza njira, ndiyo njira imene zinthu zonse ziyendamo mwa izo zokha popanda wozikankha, monga mbeu imera pa nyengo yace ndi madzi afuna okha malo otsika. Mabuku akuru a ciphunzitso cimeneci ndi awiri: Daodejing, kabuku ka mitu 81 kamene mwambo unena kuti kanalembedwa ndi Laozi, ndi buku la Zhuangzi, munthu amene anabadwa patapita zaka zoposa 100 Confucius atamwalira. Onse awiri aphunzitsa kuti mabvuto ambiri a anthu acokera m'kukakamiza zinthu, m'kulakalaka mipando ndi m'kucurukitsa malamulo. Wanzeru agwira nchito yace monga mmisiri wosema mtondo, amene atsata mitsempha ya mtengo osalimbana nayo. Zhuangzi anali munthu wanthabwala. M'nthano zace aseka nduna, aseka ophunzira, ndipo kawirikawiri aseka Confucius yemwe. Ndiponso amsimba kuti anakana unduna kwa mfumu ya Chu, poyesa kamba wamoyo wokwawa m'matope wamwai koposa kamba wakufa wolemekezedwa m'kacisi.

Su Shi anakomana nazo zonse ziwiri akali mwana. Ali ndi zaka ngati 8 analowa sukulu ya m'kacisi wa Tao wa kwao, kumene wansembe dzina lace Zhang Yijian anamphunzitsa zaka 3. Kunyumba anali kuphunzitsidwa ndi amai ace, pakuti atate ace, Su Xun, anali pa maulendo. Tsiku lina amaiwo anawerenga naye mbiri ya Fan Pang, nduna ya kale imene inaphedwa cifukwa ca kudzudzula zoipa za akuru, ndipo mnyamatayo anafunsa ngati iwo akadamlola kukhala munthu wotere. Amai anabvomera, namsonyeza kuti iwonso akhoza kupirira monga anapirira amace a Fan Pang. Limeneli linali phunziro la Confucius lenileni. Komatu mng'ono wace, Su Zhe, analemba pambuyo pace kuti mkuru waceyo, pamene anayamba kuwerenga Zhuangzi, anausa moyo, cifukwa anapeza m'bukumo zinthu zimene zinali kale mumtima mwace, zimene pakamwa pace panalephera kuzinena.

M'caka ca 1056 atate ndi ana ao awiri anapita ku Kaifeng, ndipo m'1057 abale onse awiri anapambana mayeso akuru a boma, amene anali khomo la nchito zapamwamba m'dzikomo. Maina a olemba mayeso anali kubisidwa. Woyesa wamkuru, Ouyang Xiu, anakondwa nazo zolemba za Su Shi, koma poganiza kuti zalembedwa ndi wophunzira wa iye mwini, anaopa kuti anthu adzati wakondera, naziika pa malo aciwiri. Mphunzitsi ali yense amene anacongapo pepala la mwana wa m'kalasi lace pakati pa mapepala a alendo adzamvetsa mantha amenewo. Caka comweco amai ace anamwalira, ndipo abalewo anabwerera kwao kukakhala m'maliro zaka zoposa ziwiri monga mwa mwambo. Anateronso pa imfa ya atate ao m'1066.

Pobwera ku maliro aciwiriwo anapeza zinthu zasintha. M'1069 Mfumu Shenzong inapatsa mphamvu Wang Anshi, munthu wanzeru ndi wouma khosi, kuti akonze cuma ca dziko ndi malamulo atsopano. Limodzi la malamulowo linali lakuti boma likongoze alimi ndalama mbeu zikali m'munda, ndipo iwo abweze atakolola, pamodzi ndi phindu la magawo 20 pa 100. Colinga cinali cabwino, ndico kupulumutsa alimi kwa okongoza a katapira. Koma akapitao a boma, pofuna kuyamikidwa, anayamba kukakamiza ngongoleyo ndi kwa osaifuna omwe, ndipo olephera kubweza analangidwa. Su Shi analembera mfumu kalata yaitali yoicenjeza kuti iri kufulumira kopambana, ndi kuti idzataya mitima ya anthu. Pa nkhani imeneyi aphunzitsi ace awiri anabvomerezana: wa Confucius anamuuza kuti asakhale cete, ndi wa Tao anamuuza kuti boma logwiragwira zonse liononga zimene lifuna kukonza. Adani anacuruka, ndipo m'1071 anacoka ku likuru nakagwira nchito m'zigawo.

Ku Mizhou, kumene anafika m'1074, kunali cilala ndi dzombe, ndipo makolo anali kutaya makanda kunja kwa linga. Iye anapatula cakudya ca m'nkhokwe za boma kuti banja liri lonse lolera mwana wotayidwa lilandireko mwezi ndi mwezi. Ku Xuzhou m'1077 mtsinje waukuru wa Huang He unasefukira, ndipo madzi anazinga mzinda. Olemera anafuna kuthawa, koma iye anawabweza pa cipata, podziwa kuti iwo akacoka osauka adzataya mtima. Anapita yekha ku msasa wa asilikari, amene sanali pansi pa ulamuliro wace, nawapempha kuti athandize kumanga cochinga madzi. Ndipo masabata ambiri anagona m'kanyumba pamwamba pa linga, osalowa m'nyumba yace. Mzindawo unapulumuka.

Caka cotsatira, 1078, akali ku Xuzhou komweko, anapemphedwa kulemba mau a cikumbutso a kacisi watsopano womangidwira Zhuangzi, ndipo m'mau amenewo anaulula maganizo amene anadabwitsa ophunzira a nthawi yace. Kuyambira kale anthu anali kumuyesa Zhuangzi mdani wa Confucius. Su Shi anati iai, Zhuangzi anali mthandizi wace wobisika, namasulira ndi fanizo. Mwana wa mfumu ya Chu anali kuthawa atabvala ngati munthu wamba, ndipo mlonda wa pa cipata anamletsa. Kapolo wace, poona ngozi, anatenga ndodo nayamba kumkwapula mbuye waceyo ndi kumtukwana monga wanchito waulesi, ndipo mlonda poona zimenezo anawalola apite. Kucita kwa kapoloyo sikuli citsanzo coti ena atsate, koma palibe anganene kuti sanamkonde mbuye wace. Momwemonso, monga mwa Su Shi, Zhuangzi amenya Confucius poyera namcirikiza mseri. Anaonjezanso kuti mitu inai ya m'bukulo, pakati pace iwiri yonyoza Confucius kopambana, sinalembedwe ndi Zhuangzi, ndipo ophunzira a masiku ano abvomereza kuti mitu yambiri ya kumapeto kwa bukulo inaonjezedwa ndi anthu ena. Ine ndiganiza kuti Su Shi anamfewetsa Zhuangzi pang'ono, pakuti ndodo ya m'bukumo nthawi zina igwa ndi mphamvu yoposa ya kapolo wokonda mbuye wace. Komabe maganizowo atisonyeza cimene iye anafuna: Confucius wosambutsidwa kunyada ndi miyambo yopanda moyo. Ndipo sipanapite caka asanayesedwe ngati angathe kukhala monga analembera.

M'1079 anamangidwa ku Huzhou natengedwa kupita ku Kaifeng. Omneneza anasanthula ndakatulo zace liu ndi liu, napezamo mizere yonena za kusauka kwa alimi, naiyesa mwano kwa mfumu. Mkazi wace, Wang Runzhi, cifukwa ca mantha anatentha zolemba zace zambiri. Anakhala m'ndende miyezi ngati inai akuyembekezera imfa, ndipo mng'ono wace anapempha kuti amlande iye udindo wace m'malo mwa cilango ca mkuru wace. Potsiriza mfumu inamleka wamoyo, nimpitikitsira ku Huangzhou, kamzinda kosauka ka m'mbali mwa mtsinje wa Yangzi. Anafikako m'1080, ali ndi dzina la udindo koma wopanda mphamvu yosaina cikalata ciri conse, ndi malipiro ocepetsetsa.

Za zaka zinai za ku Huangzhou tidziwa zambiri, cifukwa ca makalata amene analembera abwenzi ace. Banja lace linali lalikuru, ndipo anapangana nalo kuti pa tsiku asaononge makobiri oposa 150. Tsiku loyamba la mwezi anali kutenga makobiri 4,500, nawagawa m'mikoko 30, naipacika pamwamba pa mtanda wa denga. M'mawa muli monse anali kutsitsa mkoko umodzi ndi ndodo yamphanda, nabisa ndodoyo. Otsala a tsikulo anali kuwaponya m'cibungwe ca nsungwi, kuti akhale olandirira alendo. Munthu amene kalata yace inawerengedwa ndi mfumu tsopano anali kubisira dzanja lace lomwe ndodo, ndipo anasimba zimenezi moseka. M'1081 bwenzi lace lina linampemphera kwa akuru a mzinda malo a msasa wakale wa asilikari, odzala ndi miyala ndi minga, pa citunda ca kum'mawa kwa mzindawo. Anaswa mphanje ndi manja ace, nafunsa nzeru kwa alimi oyandikana nao, nadzicha Dongpo, ndiko kuti Citunda ca Kum'mawa. Nyama ya nkhumba inali yochipa kumeneko, ndipo iye anaphunzira kuiphika nthawi yaitali pa moto wocepa ndi madzi pang'ono. Ndiwo yophikidwa cotero idziwika ndi dzina lace ku China kufikira lero.

M'nyengo yozizira ya caka cace coyamba anabwereka zipinda m'kacisi wa Tao kuti abindikiremo masiku 49, ndipo kawirikawiri anali kupitanso ku kacisi wa Buddha kukakhala cete, pakuti ciphunzitso cacitatu cimeneci naco cinalowa mumtima mwace. M'1082 anayenda pa bwato usiku ndi alendo ace pansi pa thanthwe lochedwa Chibi, nalemba za ulendowo nkhani ziwiri zimene ziwerengedwa pakati pa zolemba zokoma koposa za ku China. M'nkhani yoyamba mlendo adandaula za kufupika kwa moyo wa munthu, ndipo mwini bwato amtonthoza ndi maganizo a Zhuangzi, akumuonetsa kuti cisoni cace cicokera pa mbali imene iye wasankha kuyang'anirapo zinthu.

Alipo mau amene anenedwa kawirikawiri, akuti munthu wophunzira wa ku China anali wa Confucius pokhala pa mpando, ndi wa Tao atacotsedwa pa mpando. Pa Su Shi mauwa ali oona theka lokha. Ku Huangzhou komweko anamva kuti osauka a m'cigawoco anali kumiza m'madzi makanda amene analephera kuwalera, makamaka akazi, ndipo anasowa mtendere. Analembera kazembe wa ku Ezhou, Zhu Shouchang, kumdandaulira kuti aletse mkhalidwewo, ndipo pamodzi ndi anansi ace anayambitsa bungwe lopempha olemera makobiri 10,000 pa caka, ogulira mpunga ndi nsaru za amai osauka. Iyenso analonjeza 10,000 ace, ndiyo ndalama yoposa cakudya ca banja lace ca miyezi iwiri. M'zaka zomwezo analemba mabuku omasulira Analects ndi Yijing. Taonani tsono: ciphunzitso ca Tao cinamcotsera mkwiyo ndi mantha, ndipo mtima wopepukawo ndi umene anagwira nao nchito ya Confucius, pa nthawi imene panalibe womlamula kapena womlipira.

M'1084 analoledwa kucoka, ndipo pa njira anapatuka kukacezera Wang Anshi, amene anali atapuma nchito ku Jinling. Adani akalewo anaceza masiku angapo mwaulemu. Mfumu Shenzong itamwalira m'1085, agogo ace akazi a mfumu yatsopano, imene inali mwana, anaitana otsutsa malamulo atsopano aja, ndipo Su Shi anakwezedwa msanga. Koma pamene mtsogoleri wao, Sima Guang, anafuna kufafaniza malamulo onse a Wang Anshi, iye anamtsutsanso, cifukwa anaona m'midzi kuti lamulo lolola anthu kulipira ndalama m'malo mwa thangata la boma linali kuwathandiza. Cotero anadedwa ndi mbali zonse ziwiri, napempha kuti atumidwe ku Hangzhou, kumene anapita m'1089.

Kumeneko anapeza njala ndi mliri. Anatsegula cipatala ca anthu onse ndi ndalama za boma, naonjezapo golidi wa iye mwini. M'1090 anakumba nyanja ya mzindawo, Xi Hu, imene inali kutsekeka ndi matope ndi udzu, ndipo matopewo anawaunjika nakhala mseu wodutsa pa nyanja, wa makilomita pafupifupi 3, wokhala ndi maulalo 6. Alendo ayendapo ndi lero lomwe, ndipo uchedwa ndi dzina lace. Cimene cindikondweretsa koposa mseuwo ndi nzeru yace yosungira nyanjayo. Anabwereketsa mbali zina za m'mphepete kwa alimi a mbeu ya m'madzi, amene sakhoza kukolola popanda kuzula udzu caka ndi caka, kotero kuti nyanja inali kuyeretsedwa ndi anthu ofuna phindu lao, popanda kapitao wa cikoti. Kumeneko ndiko kucita kosakakamiza kumene mabuku a Tao anena, koma kocitidwa ndi kazembe wa Confucius.

Agogo a mfumu atamwalira m'1093, a mbali ina anabwerera pa ulamuliro, ndipo mkuru wao anali Zhang Dun, bwenzi la Su Shi la pa unyamata. M'1094 anampitikitsira ku Huizhou, kum'mwera kotentha, kumene anthu a kumpoto anali kuopako malungo. Ndi kumenekonso sanakhale manja lende. Anapereka lamba wace wa mtengo wapatali kuthandiza kumanga ulalo, ndipo woyang'anira nchitoyo anali wansembe wa Tao, Deng Shouan. Wansembe yemweyo anamuuza kuti anthu a ku Guangzhou anali kudwala ndi madzi amcere a m'zitsime, ndi kuti madzi abwino a ku phiri akhoza kutengedwa ndi mipopi ya nsungwi. Su Shi analembera kazembe wa mzindawo makonzedwe onse, ndipo m'kalata ina analangiza kuti pa nsungwi iri yonse aboole kabowo kakang'ono ndi kukatseka ndi kamtengo, kuti madzi akaleka kuyenda apeze msanga potsekeka popanda kuphwasula mpopi wonse.

Wang Zhaoyun, mkazi amene anamtsata m'masautso ace atamwalira Wang Runzhi, anafera ku Huizhou m'1096. M'1097, atangotsiriza kumanga nyumba yoti akalambiremo, lamulo linafika lakuti aoloke nyanja kupita ku Danzhou, pa cisumbu ca Hainan, kumene kunali kuyesedwa malekezero a dziko. Anali ndi zaka 60. Pa njira anakomana ndi Su Zhe, amene nayenso anali kupitikitsidwa, ndipo anayenda pamodzi kufikira ku Leizhou; atalekana pa gombe pamenepo sanaonanenso. Anaoloka ndi mwana wace, Su Guo. Atakhala miyezi ingapo m'nyumba ya boma, mthenga wa akuru anamturutsamo, ndipo anthu a pamalopo anamthandiza kumanga kanyumba pakati pa migwalangwa. Nyama, mankhwala ndi mapepala zinali zosowa. Anadya zilazi ndi coco pamodzi ndi eni dziko, natsiriza buku lace lacitatu, lomasulira Shujing, nayamba kuphunzitsa anyamata amene anadza kwa iye. Mmodzi wa iwo, Jiang Tangzuo, akumbukika monga munthu woyamba wa pa cisumbuco kupambana mayeso a cigawo.

Mfumu Zhezong itamwalira m'1100, Su Shi anakhululukidwa nayamba ulendo wa kumpoto. Tsono zinthu zinatembenuka, ndipo m'1101 Zhang Dun ndiye anapitikitsidwira ku Leizhou. Mwana wace, poopa kuti Su Shi adzabwerera pa mpando ndi kulipsira, anamlembera kalata. Su Shi, amene pa nthawiyo anali kudwala kale, anayankha ndi dzanja lace, nakumbutsa ubwenzi wa zaka 40, napempha kuti zakale zisachulidwenso, naonjezapo malangizo a mankhwala oti nkhalambayo idzisunge nao m'dziko lotenthalo.

Anafika ku Changzhou ali wofoka ndi nthenda ya m'mimba. Mabuku ace atatu omasulira zolemba za a Confucius anawapereka kwa bwenzi lace, Qian Shixiong, kuti liwabise kufikira nthawi yabwino. Pa tsiku lotsiriza wansembe wa Buddha, bwenzi lace lakale, anamnong'oneza kuti alimbikire kuganiza za dziko la mtendere la kumadzulo. Ndipo amene analipo asimba kuti iye sanakane kuti dzikolo lingakhaleko, koma anasonyeza kuti pamenepo kulimbikira ndiko kulakwa. Anamwalira pa 24 August 1101, ali ndi zaka 64.

Adani ace sanamleke ndi m'manda momwe. Dzina lace linalembedwa pa mwala pamodzi ndi maina a ena oyesedwa opanduka, ndipo m'1103 lamulo linaturuka lakuti matabwa osindikizira mabuku ace aonongedwe. Koma anthu anapitiriza kukopa ndakatulo zace mobisa, ndipo m'1170 mfumu ina ya banja lomwelo inampatsa dzina laulemu. Mwa mabuku atatu aja, lomasulira Yijing ndi lomasulira Shujing alipo kufikira lero, koma la Analects linatayika, ndipo zatsala zidutswa zokha zimene olemba ena anazichula m'mabuku ao. Anaikidwa ku Jiaxian, m'cigawo ca Henan, m'1102. Su Zhe ndiye analemba mbiri ya pa manda ace, ndipo atamwalira iyenso m'1112 anaikidwa pambali pa mkuru wace.